Mbusa wa ku Boston amene ankalemba ulaliki mfuti ili pafupi

Kumapeto kwa Okutobala 1850, m'nyumba ina ya pa Exeter Place mumzinda wa Boston munali mlendo amene anali atabisidwa. Dzina lake anali Ellen Craft. Mwini nyumbayo, mbusa Theodore Parker, ankakonza ulaliki wake wa Lamlungu m'chipinda chodzaza ndi mabuku, ndipo pa tebulo lolembera panali zinthu zimene sitizolowera kuziona kwa abusa: mfuti yaing'ono yoikamo kale zipolopolo, ndi lupanga losolola m'chimake pafupi ndi dzanja lake lamanja. Miyezi ingapo pambuyo pake iye mwini anawauza abusa anzake za mfutiyo pamsonkhano, mosapsatira, ndipo anati analibe njira ina yotetezera nkhosa yake.

Ellen ndi mwamuna wake William anali atathawa ukapolo ku Macon, m'chigawo cha Georgia, mu Disembala 1848. Ellen anali woyera khungu chifukwa bambo ake omubereka anali mzungu yemwe anali mbuye wa mayi ake. Anameta tsitsi, anavala zachimuna, anamanga mkono wamanja pansalu ngati wovulala kuti asamuuze kusaina m'mabuku a m'mahotela popeza sankadziwa kulemba, ndipo William anayenda ngati kapolo wa "bwana wodwalayo". Anakwera sitima zapamtunda ndi zapamadzi mpaka kufika ku Philadelphia pa tsiku la Khrisimasi. Ku Boston William anayamba ukalipentala, Ellen n'kumasoka zovala. Ankaganiza kuti apuma. Koma pa 18 Sepitembala 1850 Pulezidenti Millard Fillmore anasaina lamulo latsopano lokhudza akapolo othawa, ndipo mwezi wotsatira amuna awiri a ku Macon, Willis Hughes ndi John Knight, anafika ku Boston kudzawatenga.

Lamulolo linali lankhanza zoonekeratu. Munthu wogwidwa sankaloledwa kudziperekera umboni. Wogamula mlandu ankalandira madola 10 akamubweza munthuyo ku ukapolo, koma madola 5 okha akamumasula. Wobisa kapolo wothawa ankayembekezera chindapusa cha madola 1,000 ndi miyezi isanu ndi umodzi m'ndende, ndipo nzika iliyonse inkatha kulamulidwa kuthandiza nawo kusaka.

Parker anali mmodzi mwa atsogoleri a komiti ya anthu a ku Boston imene inkateteza othawa. William anabisidwa kwa Lewis Hayden, yemwenso anathawa ukapolo ku Kentucky, pamene Ellen anakhala masiku angapo kwa abusa. Kenako Parker anatenga gulu la amuna n'kupita kuhotela kumene Hughes ndi Knight ankagona, ndipo anawauza maso ndi maso kuti sangawatsimikizire chitetezo akagonanso mumzindamo. Alenje a anthuwo anakwera sitima n'kuchoka. Pa 7 Novembala Parker anadalitsa ukwati wa William ndi Ellen, poti malamulo a ku Georgia sankazindikira ukwati wa akapolo. Atatha mwambowo anatenga Baibulo n'kuliika m'dzanja la William, anatenganso chimpeni chimene chinali pa tebulo n'kumupatsa, akumulangiza kuti achigwiritse ntchito pokhapokha zitafika poti moyo ndi ufulu wa mkazi wake zili pachiswe, ndiponso popanda chidani mumtima. Banjalo linadzera ku Halifax n'kuwoloka nyanja kupita ku Liverpool.

Atangochoka, mbusayo anakhala pansi n'kulembera kalata Pulezidenti Fillmore. Chopatsa chidwi n'chakuti Fillmore nayenso anali wa mpingo wa Unitarian, mpingo umene umaphunzitsa kuti Mulungu ndi mmodzi ndipo suvomereza chiphunzitso cha Utatu. Parker anamuuza pulezidentiyo kuti mumpingo mwake muli akapolo othawa, kuti iye ndi mbusa wawo, ndipo angalole kuwolera m'ndende kusiyana n'kukana kuteteza mmodzi wa iwo. Anatchulanso mfuti za agogo ake zimene zinali zopachikidwa m'chipinda chake chowerengera. Kalatayo imasonyeza mmene munthuyu ankalembera moyo wake wonse. Ankatchula anthu ndi mayina awo, ankafotokoza zimene waona ndi maso, ndipo ankasaina dzina lake pansi podziwa bwino kuti akuvomera kuphwanya lamulo.

Mfuti zimene anatchulazo zinali ndi mbiri. Agogo ake, Kaputeni John Parker, ndi amene anatsogolera amuna a ku Lexington pa 19 Epulo 1775 pamene anawomberana ndi asilikali a Britain, tsiku limene nkhondo ya ufulu wa America inayamba. Theodore anabadwira pamudzi womwewo pa 24 Ogasiti 1810, chitsiriza m'banja la ana 11. Anali alimi osauka, ndipo chifuwa chachikulu chinalowa m'banjamo n'kutenga mayi ake akadali mnyamata, kenako abale ake ambiri. Iye mwini anasimba kuti ali ndi zaka pafupifupi zinayi anaona kamba pamphepete pa dziwe, n'kutukula ndodo kuti amumenye, koma mawu ena mkati mwake anamuletsa. Atathamangira kunyumba kukafunsa, mayi ake anamuuza kuti anthu amachitcha chikumbumtima, koma kwa iwo ndi liwu la Mulungu mwa munthu. Chiphunzitso chake chonse cha pambuyo pake chinamera pa nkhani yaing'onoyi.

Anali mwana wokonda mabuku modabwitsa. Buku loyamba limene anagula ndi ndalama zake linali dikishonale ya Chilatini, ndipo ndalamazo anazipeza pothyola ndi kugulitsa zipatso zam'tchire. Mu 1830 anayenda wapansi kupita ku Cambridge kukalemba mayeso olowera ku Harvard. Anakhoza, koma fizi analibe, choncho ankaphunzira kunyumba uku akulima ndi kuphunzitsa ana. Anamaliza maphunziro a zaubusa ku Harvard mu 1836, ndipo chaka chotsatira anakwatira Lydia Cabot n'kudzozedwa kukhala mbusa wa kampingo kakang'ono ka ku West Roxbury. Ankawerenga zilankhulo pafupifupi 20.

Mavuto anayamba pa 19 Meyi 1841. Pamwambo wodzoza mbusa wina ku South Boston, Parker analalikira kuti m'Chikhristu muli zinthu zokhalitsa ndi zina zongodutsa, ndipo pa zongodutsazo anaikapo ziphunzitso za zozizwitsa komanso chikhulupiriro chakuti mawu aliwonse a m'Baibulo ndi osalakwika. Chokhalitsa, iye anati, ndi kukonda Mulungu ndi munthu. Ngakhale a Unitarian anzake anaona kuti wawonjeza. Abusa ambiri a ku Boston anasiya kusinthana naye magome, ndipo mu 1843 anamupempha kuti atuluke yekha m'bungwe lawo. Anatemetsa nkhwangwa pamwala. Anthu wamba ndi amene anamutsegulira khomo. Mu 1845 anamubwerekera holo yotchedwa Melodeon, mu Januwale 1846 anakhala mbusa wa mpingo watsopano wa Twenty-Eighth Congregational Society, ndipo pofika 1852 mpingowo unasamukira mu Boston Music Hall, mmene anthu oposa 2,000 ankasonkhana Lamlungu lililonse. Kusalidwa kumeneku kunamuphunzitsa kuima yekha, ndipo nkhani ya ukapolo itafika pachimake analibenso ulemu wa akuluakulu woti aope kutaya.

Zolemba zake zoyamba zikuluzikulu zotsutsa ukapolo zinatuluka mu 1848, nkhondo ya America ndi Mexico ili kumapeto. Iye ankaitsutsa nkhondoyo poti inkakuza malo a ukapolo. Kabuku kotchedwa A Letter to the People of the United States Touching the Matter of Slavery kanali kalata yopita kwa mtundu wonse, ndipo kakudabwitsa munthu amene akuyembekezera ulaliki wamisozi. Muli manambala okhaokha. Parker anatenga ziwerengero za kalembera wa boma n'kuyerekeza zigawo za kumpoto ndi za kumwera: kuchuluka kwa anthu, mtengo wa minda, masukulu, anthu odziwa kuwerenga, zinthu zopangidwa m'mafakitale. Ankafuna kuti wamalonda wa ku Boston, amene ankalemera ndi thonje lolimidwa ndi akapolo, aone kuti ukapolo ukusaukitsa ngakhale dziko limene likuusunga. Nthawi imeneyo akapolo anali pafupifupi 3 miliyoni.

Chaka chomwecho analemba kalata ina yaifupi, yoyankha munthu wa kumwera yemwe anali ndi akapolo ndipo ankati Baibulo lili kumbali yake. Mfundo ya munthuyo inali ija ya temberero la Nowa, yakuti anthu akuda ndi ana a Hamu ndipo analembedwa kukhala otumikira. Owerenga ambiri a Chichewa anaimvapo nkhani imeneyi, chifukwa inagwiritsidwanso ntchito kum'mwera kwa Africa pofuna kulungamitsa tsankho. Parker anayankha mwaulemu, koma sanam'nyengerere. Anati nkhaniyo saikhulupirira ngati mbiri yeniyeni, ndipo ngakhale munthu ataikhulupirira, singapereke chilolezo chogulitsa mwana wa munthu pamsika. Kwa iye Chikhristu chinali kuchitira mnzako zimene ufuna kuti akuchitire, ndipo vesi lililonse lotsutsana ndi zimenezo linayenera kugonja. Apa m'pamene maphunziro ake a Baibulo, amene anamudanitsa ndi abusa anzake, anakhala chida. Abusa ena ankavutika kupotoza mavesi onena za akapolo kuti amveke bwino, pamene iye ankangonena kuti olemba mavesiwo anali anthu a nthawi yawo.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Mu Febuluwale 1851 amuna akuda a ku Boston analowa m'khoti n'kulanditsa kapolo wothawa Shadrach Minkins, yemwe anakafika ku Canada. Boma linapsa mtima, ndipo mu Epulo, atagwidwa kapolo wina wothawa, Thomas Sims, nyumba ya khoti inazingidwa ndi maunyolo moti oweruza ankawerama kuti alowe. Sims anaperekezedwa kudoko m'bandakucha ndi apolisi mazana angapo, ndipo ku Savannah anakwapulidwa pagulu. Abusa ena otchuka a mumzindamo ankalalikira kuti lamulo ndi lamulo, liyenera kumveredwa kuti dziko lisagawike. Parker anasindikiza maulaliki otsutsa zimenezo, akunena kuti pali lamulo la Mulungu limene nyumba ya malamulo singalifafanize. Daniel Webster, mtsogoleri wa ndale yemwe anthu a ku Massachusetts ankamunyadira kwambiri koma anachirikiza lamulo la 1850, atamwalira mu Okutobala 1852, Parker analalikira ulaliki wautali wosanthula moyo wake wonse, zabwino ndi kugwa kwake komwe, pamene anthu ankayembekezera mawu achipepeso okha.

Mlandu wa Anthony Burns ndi umene unagwedeza mzinda wonse, ndipo unayamba ndi kalata. Burns anathawa ku Richmond pa sitima yapamadzi kumayambiriro kwa 1854, n'kupeza ntchito m'sitolo ya zovala ku Boston. Analembera kalata m'bale wake yemwe anali akadali kapolo ku Virginia, koma kalatayo inagwera m'manja mwa mbuye wake, Charles Suttle. Pa 24 Meyi Burns anamangidwa. Madzulo a pa 26 Meyi anthu anadzaza mu Faneuil Hall, ndipo Parker, pofuna kuwachititsa manyazi, anawatcha anthu olamulidwa ndi Virginia. Msonkhano uli mkati, gulu lina lotsogozedwa ndi mbusa Thomas Wentworth Higginson pamodzi ndi Lewis Hayden linathyola chitseko cha khoti ndi chimtengo. Mlonda wina, James Batchelder, anafa pa chipwirikiticho, ndipo Burns sanapulumutsidwe. Pa 2 Juni, woweruza Edward Loring atagamula kuti abwezedwe, asilikali anamuperekeza kudoko anthu pafupifupi 50,000 akuonerera, nyumba zambiri zitapachikidwa nsalu zakuda ngati pamaliro.

Parker anaimbidwa mlandu wolepheretsa ntchito ya boma. Anakonzekera kudziyankhira yekha, koma mu Epulo 1855 woweruza Benjamin Curtis anathetsa mlanduwo pa chifukwa cha kalembedwe ka chisamani. Mbusayo sanalole kuti zimene anakonza ziwonongeke. Anazisindikiza zonse m'buku lotchedwa The Trial of Theodore Parker, mmene analondola mbiri ya oweruza amene anatumikira mafumu ankhanza ku England n'kuwafanizira ndi a ku Boston, akuwatchula mayina. Burns naye sanaiwalike. Mpingo wa anthu akuda wa Twelfth Baptist, motsogozedwa ndi mbusa Leonard Grimes, unasonkha madola 1,300 n'kumuwombola mu 1855. Anakaphunzira ku Oberlin, n'kukhala mbusa ku St. Catharines m'dziko la Canada, kumene anamwalira mu 1862 ali ndi zaka 28.

Makalata a Parker a tsiku ndi tsiku ndi ochuluka zedi. Ankayendayenda pa sitima kukakamba nkhani m'matauni a kumpoto, ndipo zambiri ankalemba ali m'njira. Ankalembera anthu wamba ofunsa za chikhulupiriro, ankalemberanso akuluakulu a ndale monga William Seward, Salmon Chase ndi Charles Sumner. Sumner atasankhidwa kupita ku Senate mu 1851, Parker anamulembera kuti akakhale phungu wachikumbumtima, ndipo anapitiriza kumukumbutsa akaona kuti wakhala chete nthawi yaitali. Ku Springfield, m'chigawo cha Illinois, kunali loya wina wokonda zolemba zake, William Herndon, amene ankagwira ntchito mu ofesi imodzi ndi Abraham Lincoln. Herndon anasimba kuti anapatsa Lincoln ulaliki wa Parker wa mu 1858, ndipo Lincoln anadula mzere pansi pa mawu ofotokoza demokalase ngati boma la anthu onse, loyendetsedwa ndi anthu onse, lopindulira anthu onse. Ganizo lomwelo linamvekanso m'mawu a Lincoln ku Gettysburg mu 1863. Fanizo lina la Parker, la m'buku la maulaliki la 1853, lonena kuti njira ya mbiri ya anthu ndi yaitali koma imakhotera ku chilungamo, Martin Luther King Jr. analifupikitsa n'kulitchukitsa patapita zaka zoposa 100.

Pali mbali ina ya zolembazi imene siyenera kubisidwa, makamaka kwa owerenga a ku Africa. Parker ankakhulupirira ziphunzitso za nthawi yake zosanja mitundu ya anthu, ndipo ankaika azungu, makamaka a mtundu wa Anglo-Saxon, pamwamba pa onse. M'makalata ndi m'zokamba zake ananena kuti anthu a ku Africa ndi ofatsa mwachibadwa ndiponso otsalira pa nzeru, ndipo nthawi zina ankadandaula kuti saukira okha. Ndi mawu opweteka, ndipo amapweteka kwambiri chifukwa anatuluka mwa munthu amene anaona ndi maso kulimba mtima kwa Ellen Craft ndi Lewis Hayden. Anthu akuda a ku Boston sanamusekerere. Pa 5 Malichi 1858, mu Faneuil Hall momwemo, John S. Rock, dokotala wachikuda amene pambuyo pake anakhala loya, anamuyankha pagulu. Anakumbutsa omvera za Haiti, kumene akapolo anagonjetsa asilikali a France, ndipo anati munthu wopanda chida amene wazingidwa ndi adani ochuluka okhala ndi mfuti sangatchedwe wamantha. Rock ndi amene ankanena zoona. Chimene tinganene pa Parker n'chakuti maganizo olakwikawo sanamulepheretse kutsegula khomo la nyumba yake, chifukwa ankakhulupirira kuti ufulu wa munthu sudalira nzeru kapena mphamvu zake.

Pa nkhani ya zida anasiyana ndi William Lloyd Garrison, mkonzi wa nyuzipepala ya The Liberator, amene ankakana chiwawa cha mtundu uliwonse. Parker anafika pokhulupirira kuti ukapolo sudzatha popanda magazi. Anakumana ndi John Brown, yemwe ankafuna kulimbana ndi ukapolo pogwiritsa ntchito zida, ku Boston mu 1857, ndipo anakhala mmodzi mwa amuna asanu ndi mmodzi amene ankamuthandiza mobisa ndi ndalama. Enawo anali Higginson, Samuel Gridley Howe, Franklin Sanborn, George Luther Stearns ndi Gerrit Smith.

Koma thupi linali litayamba kukana. Mu Januwale 1859, m'mawa wa Lamlungu lina, anasanza magazi, ndipo anatumiza kakalata kumpingo kuti sabwera. Matenda a m'banja mwawo aja anali atamupeza. Madokotala anamutumiza kumalo otentha, ndipo pa chilumba cha Santa Cruz ku Caribbean analemba kalata yaitali yotsanzikana ndi mpingo wake, yofotokoza ubusa wake wonse, imene inasindikizidwa ngati buku. Kuchoka kumeneko anapita ku England, ku Switzerland, mpaka ku Rome.

Ali ku Rome anamva kuti pa 16 Okutobala Brown waukira nkhokwe ya zida ya boma ku Harpers Ferry ndipo wagwidwa. Anzake a chiwembucho anabalalika ndi mantha. Ena anathawira ku Canada, makalata anatenthedwa, ndipo Gerrit Smith anagonekedwa m'chipatala cha odwala maganizo. Higginson anakhalabe pakhomo pake osabisala. Parker, wodwala komanso ali kutali ndi dzanja la boma, analembera Francis Jackson wa ku Boston kalata ya pa 24 Novembala 1859. Ananena kuti munthu wosungidwa mu ukapolo ali ndi ufulu wachibadwa wopha aliyense womuletsa kumasuka, ndipo mfulu ali ndi ufulu womuthandiza. Ndi kalata yoopsa kuiwerenga ngakhale lero, ndipo inasindikizidwa mu 1860 dzina lake lili pachikuto. Brown anapachikidwa pa 2 Disembala. Dzina la Brown linayenda mpaka kufika ku Nyasaland, pakuti George Simeon Mwase analemba kuti John Chilembwe, yemwe anaphunzira ku Virginia, anatchula Brown kwa anthu ake asanaukire mu 1915.

Parker anamwalira ku Florence pa 10 Meyi 1860, asanakwanitse zaka 50, ndipo anaikidwa m'manda a English Cemetery mumzindamo. Nkhondo yapachiweniweni imene ankainenera inayamba patangopita miyezi 11, akapolo atafika pafupifupi 4 miliyoni, ndipo ukapolo unathetsedwa m'malamulo a dzikolo mu Disembala 1865. Mabuku ake pafupifupi 13,000 anawasiyira laibulale ya anthu onse ya ku Boston, ndipo mfuti ziwiri za agogo ake anazipereka ku boma la Massachusetts. John Weiss anasonkhanitsa makalata ake m'mabuku awiri, pamene Frances Power Cobbe wa ku Britain anakonza zolemba zake m'mabuku 14. Mu 1887 Frederick Douglass, amene anabadwira mu ukapolo ku Maryland ndipo ankamudziwa mbusayo, atafika ku Florence anapita kukaima pamanda ake.